Ndalama za ulendo wokatola nkhani za m'mizinda, ndizipeza kuti?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mtolankhani woima pandekha ndipo ndatopa kumangolemba kuti zinyalala zachuluka, magalimoto akuthithikana, madzi akuvuta, osaonetsako mmene mizinda ina inathanirana nazo. Ndamva zoti pali mabungwe olipira ulendo kuti munthu ukadzionere wekha. Ndi ati, ndipo ndilembe zotani kuti andiganizire? Ndine wanu, mtolankhani wongoyamba kumene.

YANKHO: Alipo ndithu achimwene. Yambani ndi Solutions Journalism Network, yomwe David Bornstein, Tina Rosenberg ndi Courtney Martin anayambitsa mu 2013, amalengeza thandizo nthawi ndi nthawi. Palinso Pulitzer Center ya ku Washington, Earth Journalism Network ngati nkhaniyo ikukhudza chilengedwe, komanso International Women's Media Foundation ya atolankhani achizimayi.

Koma apa ndi pomwe ambiri amagwera: amalemba kuti "ndikufuna kupita ku Colombia kukaona mayendedwe" basi, ngati akupempha holide. Mabungwe amenewa amalipira funso, tikitiyo imangotsatira. Tiyeni titenge Medellín, mzinda wa ku Colombia komweko. Mu 2004 anatsegula Metrocable, tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba, tolumikiza anthu osauka okhala m'mapiri ndi sitima ya mumzinda. Ndiye pempho lanu lifunse kuti kodi nthawi yopitira kuntchito inatsika bwanji, ndani akukwera, ndani sakukwanitsabe mtengo wake, nanga ndalama zoyendetsera zikuchokera kuti, ndipo mutchuliretu amene mukawafunse ndi malipoti amene mwawerenga kale musananyamuke.

Chinanso, musabise pomwe zikulephera. TransMilenio ya ku Bogotá, likulu la Colombia, mabasi oyenda mu msewu wawokha aja, inayamba mu 2000 potengera zomwe meya Jaime Lerner anachita mu mzinda wa Curitiba ku Brazil mu 1974, dziko lonse lapansi linaitama, koma okwera amadandaula kwambiri ndi kupanikizana. Nkhani yosiya mbali imeneyo ndi malonda a khonsolo chabe, ndipo oweruza mapempho amaizindikira msanga.

Kwa ine nkhani zokoma kwambiri si za mapulojekiti odula ayi. Ku Orangi mu mzinda wa Karachi ku Pakistan, kuyambira 1980, katswiri wa zachitukuko Akhtar Hameed Khan anathandiza anthu kusonkha ndalama zawo nkudziikira okha mapaipi a zonyansa kamsewu ndi kamsewu. Zoterezi mkonzi amazikonda chifukwa wowerenga amaona kuti nzotheka kwawonso.

Za mapepala sizovuta: pempho lalifupi, zitsanzo za ntchito yanu yakale, bajeti, ndi kalata ya mkonzi wolonjeza kuti adzaisindikiza kapena kuiulutsa nkhaniyo. Kalata imeneyi ipezeni kaye, popanda iyo mwayi umachepa kwambiri. Mu bajeti ikani tikiti, viza, pogona, mayendedwe a komweko, inshuwalansi ndi womasulira, ameneyu anthu amamuiwala nkukasowa chonena atafika. Kamera ndi laputopu ambiri salipira, ena salipiranso malipiro anu, ndiye werengani malamulo awo bwinobwino.

Ndipo ngati khonsolo kapena kampani yomwe mukukailemba yadzipereka kukulipirirani ulendo, kanani mwaulemu. Mukalandira thandizo la bungwe, litchuleni kumapeto kwa nkhani yanu, malisiti onse sungani chifukwa ena amawafuna mukabwerako.