Mkamwini wa ku Iran: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina wokhala ku Leeds, ku England, wandilembera kuti mwana wake wamkazi wabweretsa mnyamata amene makolo ake anachokera ku Iran, ndipo abale ayamba kale kunong'onezana kuti ndi Mluya, kuti mwanayo akamutsekera m'nyumba, ena mpaka akutchula za zigawenga. Chimene chikuwasowetsa mtendere mayiwa n'chakuti mnyamatayo akafunsidwa kwawo amayankha kuti ndi Mperisi, ndiye akufunsa ngati akubisa kanthu.

Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa ndinagwirapo ntchito ya usiku panyumba ina yosamalira okalamba ku Manchester limodzi ndi mayi wina wa ku Shiraz, mzinda wa ku Iran, amene banja lake linathawa pa nthawi ya nkhondo ya Iran ndi Iraq, yomwe inayamba mu 1980 n'kutha mu 1988. Nayenso ankanena kuti ndi Mperisi, ndipo anandifotokozera kuti akangotchula dzina la Iran anthu ankasintha nkhope n'kuyamba kumufunsa za mabomba ndi za atsogoleri achipembedzo, ngati kuti iyeyo ndi mneneri wa boma limene analithawa. Mwana wake wamwamuna ankatchedwa chigawenga kusukulu zitachitika za pa 11 Seputembala 2001, chonsecho mwa anthu 19 amene analanda ndege tsiku limenelo munalibe ngakhale mmodzi wa ku Iran. Mwanayo anafika pokana kutenga chakudya cha kunyumba popita kusukulu, ndipo mayi ake ankati palibe chinawapweteka kuposa chimenecho.

M'mwezi wa Malichi anandiitana kuchikondwerero chawo cha chaka chatsopano chotchedwa Nowruz, chimene chinayamba kale Chisilamu chisanafike m'dzikomo. Patebulo anayikapo tirigu wophukira m'mbale, maapozi, adyo, vinyo wosasa, kalilole ndi makandulo, ndipo mwana uja, amene tsopano anali atakula, ndi amene ankandilongosolera tanthauzo la chilichonse monyadira, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chifasi, chilankhulo chachikulu cha ku Iran.

Mantha amenewa ali ndi chiyambi chake. Mu 1979 mfumu Mohammad Reza Pahlavi inachoka ku Iran, mtsogoleri wachipembedzo Ayatollah Khomeini anatenga ulamuliro, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ophunzira analowa muofesi ya kazembe wa America ku Tehran, likulu la Iran, n'kusunga mokakamiza anthu 52 kwa masiku 444. Kuyambira pamenepo aliyense wa ku Iran wokhala kunja anasenza mlandu wa eni, ndipo ambiri anabwerera ku dzina lakale la Persia, limene mayiko akunja ankagwiritsa ntchito mpaka 1935. Ku Los Angeles, kumene anakhazikika ochuluka moti derali amalitcha Tehrangeles, masitolo ndi malo odyera ambiri amalembedwa dzina la Persia. Mu 2017 boma la Donald Trump linaletsanso nzika za Iran kulowa m'dziko la America, ndipo agogo ambiri analephera kukaona zidzukulu zawo.

Abale anuwo akulakwitsa, ndipo sindikuona chifukwa chowanyengerera. Anthu ambiri a ku Iran si Aluya, ndipo Chifasi si Chiluya ngakhale kuti chimalembedwa ndi zilembo zofanana. Komanso kukhala Mluya si mlandu, ndipo pamenepa ndimatsutsananso ndi Aperisi ena amene amatchula dzina lawo n'cholinga chodzikweza pamwamba pa Aluya, poganiza kuti azungu awalandira msanga. Khalidwe limeneli limaiwalitsa kuti m'dziko la Iran muli Akurd, Aazeri, Abaluchi, Aameniya, Ayuda, Abahai ndi Aluya enieni a ku Khuzestan. Mahsa Amini, amene imfa yake ali m'manja mwa apolisi mu Seputembala 2022 inadzetsa zionetsero zazikulu, anali Mkurd, ndipo amene anatsogolera zionetserozo anali amayi ndi atsikana omwewo amene abale anu akuwaganizira kuti amangokhala chete m'nyumba. Ife amene abale athu amatchedwa makwerekwere ku Joni tiyenera kukhala oyamba kuchita manyazi ndi mawu oterewa.

Tsono muchite chiyani?

Musamufunse mnyamatayo za boma la Tehran, koma mufunseni zimene mukanafunsa mkamwini aliyense: amapemphera kuti, amagwira ntchito yanji, ana adzaleredwa m'chipembedzo chiti, ndipo ndani adzaima ngati nkhoswe kuchimuna. Aitaneni makolo ake kunyumba kwanu. Mukawapatsa chakudya n'kutheka kuti adzayamba akana, chifukwa kwawo kuli mwambo waulemu wotchedwa taarof, choncho musachotse mbale msanga, muwakakamize kawiri kapena katatu.