Ndege ya ku Brazil imene munakwera pobwera kumudzi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene amagwira ntchito ku Joni. Akuti pobwera kumudzi anakwera ndege ya Airlink, ndipo pakapepala ka m'thumba la mpando anaonapo dzina loti Embraer. Atafunsa anawauza kuti ndegeyo ndi ya ku Brazil. Funso lawo ndi ili: "Dziko limene timalidziwa ndi mpira ndi khofi linayamba bwanji kupanga ndege? Nanga lilimba pamaso pa Boeing ndi Airbus?"

Bambo, mwandifunsa nkhani imene ndimaikonda. Anthu ambiri poifotokoza amayambira mu 1969, chaka chimene boma la Brazil linakhazikitsa kampani ya Embraer. Ine ndimayambira mu 1950, chifukwa chimene chinayamba kumangidwa si fakitale koma sukulu. Msilikali wa nkhondo ya mumlengalenga, Casimiro Montenegro Filho, analimbikira kuti dziko lake likhale ndi sukulu ya mainjiniya a ndege. Anaitcha ITA, ndipo anaimanga mumzinda wa São José dos Campos, m'chigawo cha São Paulo. Mkulu wake woyamba, Richard Smith, anachita kukamutenga ku yunivesite ya MIT ya ku America. Tangoganizani: kwa zaka pafupifupi 20 boma linkalipirira ana asukulu kuphunzira ntchito imene kampani yake inali isanabadwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamenepa ndi pamene ndimawavulira chipewa anthu a ku Brazil.

Mmodzi mwa ana a sukuluyi, Ozires Silva, ndiye anatsogolera gulu limene linapanga ndege ya Bandeirante, imene inauluka koyamba mu 1968. Embraer inakhazikitsidwa chaka chotsatira kuti izipanga ndegeyi yambirimbiri, Silva yemweyo ali pampando. Sinali ndege yodzionetsera. Inali yaing'ono, ya mapulopela awiri, yonyamula anthu pafupifupi 20, yoti izitera m'mabwalo a m'matauni akutali a dziko lalikululo. Anapanga pafupifupi 500, ndipo zambiri zinagulidwa kunja. Boma nalo linaikapo dzanja: asilikali ankagula ndegezo, ndipo makampani ankaloledwa kugula masheya a Embraer ndi kagawo ka msonkho wawo. Pomwe nzeru zinkaperewera sankachita manyazi kubwereka. Anapanga ndege za Piper ya ku America ndi za Aermacchi ya ku Italy mwa chilolezo, n'kumaphunzira pomwepo.

Zinthu zinavuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chuma cha Brazil chinasokonekera, ngongole zinachuluka, antchito masauzande anachotsedwa. Mu December 1994 boma linagulitsa kampaniyi, koma linasunga sheya yapadera yolipatsa mphamvu yokana zinthu zikuluzikulu. Chimene chinaidzutsa ndi ERJ 145, jeti ya mipando 50 imene inauluka koyamba mu 1995. Kenako kunabwera ma E-Jet, amene anayamba kunyamula anthu mu 2004. Ya Airlink munakwerayo ndi ya limodzi mwa mabanja awiriwa, ndipo Kenya Airways nayo ili ndi ma E190.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Injini za ndegezi si za ku Brazil. Za ERJ ndi za Rolls-Royce, za E-Jet zoyamba ndi za General Electric, za ma E-Jet atsopano otchedwa E2 ndi za Pratt & Whitney. Ena amati ndiye kuti Embraer imangolumikiza zipangizo za eni. Ine ndimakana. Kulingalira ndege yonse, kuijambula, kuiyesa mpaka akuluakulu oona za chitetezo ku America ndi ku Ulaya ataivomereza, ndiyo ntchito yovuta koposa, ndipo luso limeneli lili m'mitu mwa anthu a ku São José dos Campos.

Tsono za m'tsogolo. Mu 2018 anagwirizana kuti Boeing igule magawo 80 pa 100 alionse a nthambi ya ndege zonyamula anthu pa mtengo wa madola 4.2 biliyoni. Embraer inawononga nthawi ndi ndalama kudzigawa pakati pokonzekera ukwatiwo, koma mu April 2020, Covid itaimitsa ndege padziko lonse, Boeing inabwerera m'mbuyo. Ambiri anaganiza kuti basi yatha. Sinathe, ndipo kwa ine kulephereka kwa ukwatiwo kunali mwayi, chifukwa mainjiniya ake anatsala pakhomo. Lero ili ndi miyendo ingapo yoimira. Majeti a anthu achuma a Phenom ndi Praetor akuyenda malonda. Ndege yonyamula katundu wa asilikali, C-390, yasankhidwa ndi Portugal, Hungary, Netherlands, Austria ndi South Korea. Nigeria inagula ndege zankhondo 12 zotchedwa Super Tucano.

Nkhawa zilipo ndithu. Mdani wake wakale, Bombardier ya ku Canada, inapereka ndege yake ya CSeries kwa Airbus, n'kusanduka A220, choncho E2 ikulimbana ndi chimphona chenicheni. Ku America, kumene E175, imodzi mwa ma E-Jet ang'onoang'ono, imagulidwa kwambiri, mapangano a mabungwe a oyendetsa ndege amaika malire pa mipando ndi kulemera kwa ndege zing'onozing'ono, ndipo E175 yatsopano inalemera kupyola malirewo, mpaka anayamba aiika kaye pambali.

Kulimba ilimba, bambo. Chimene ndikuyang'anira ndi ichi: yaikulu pa zonse imene ali nayo, E195-E2, imathera pa mipando 146, ndipo kumamveka mphekesera zoti apange ina yaikulu yokalimbana ndi 737 ya Boeing ndi A320 ya Airbus. Ntchito yotero imadya mabiliyoni ambiri a madola ndege yoyamba isanagulitsidwe n'komwe, ndipo CSeries ija inatsala pang'ono kumiza Bombardier. Akanandifunsa ine, ndikanati asalowemo okha popanda mnzawo wa thumba lakuya.