Dzuwa likalowa pachilumba munthu umatani? Yankho kwa achemwali amene anandilembera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi, dzina sinditchula. Mwachidule akuti iwo ndi amuna awo akhala akusunga kandalama kuti apite kutchuthi kwa sabata imodzi pachilumba cha kunyanja yamchere, kotentha kuja, ndipo sanasankhe kuti chiti. Za masana alibe nazo nkhawa, kusambira, kukwera boti, kugona pamchenga basi. Nkhani ili pa usiku. Awiriwa mowa samwa kwenikweni, za disiko anasiya kalekale, ndiye bambowo akudandaula kuti mwina azikangoonera TV m'chipinda cha hotelo ndalama zikupita. Funso lawo ndi loti kodi madzulo ndi usiku kumakhala chochita chanji?

Achemwali, zikomo polemba. Bambowo musawaseke, nkhawa yawo ndi yomveka ndithu chifukwa usiku wa kumeneko ndi wautali. Zilumba zambiri zimene anthu amathamangirako zili pafupi ndi ikweta, ndipo kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko kapena hafu pasiti 6 pafupifupi chaka chonse, komanso chisisira chake sichichedwa, pakangotha mphindi 20 kapena 30 mdima wagwiratu. Ndiye kuchokera pamenepo mpaka nthawi yogona muli ndi maola anayi kapena asanu oti muwapezere chochita.

Ine langizo langa lalikulu ndi limodzi, musanagule tikiti yang'anani kaye kalendala ya mwezi, ndikunena mwezi wakumwambawu. Anthu amafufuza za mvula, za mitengo ya hotelo, za ndege, koma mweziwo palibe amauganizira pomwe ndi umene umalamula zambiri zochitika usiku pachilumba. Umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pa mdima kufikanso pa mdima, ndiye sabata yanu imodziyo ikhoza kugwera pa mwezi wathunthu kapena pa mdima bii, ndipo maulendo awiriwa safanana mpang'ono pomwe.

Mukapita mwezi uli mumdima, chinthu chimene ndinganene kuti musaphonye ndi madzi owala. M'nyanja muli tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa plankton, timene madzi akavundulidwa timatulutsa kuwala kobiriwira, ndiye mukaponda pamchenga wonyowa kapena kupalasa ndi nkhafi madzi amangoti ngweee ngati mwakhuthuliramo ziphaniphani. Malo otchuka kwambiri ndi Mosquito Bay pachilumba cha Vieques ku Puerto Rico, amene a Guinness World Records anawalemba mu 2006 kuti ndi owala kuposa ena onse, kulinso Luminous Lagoon pafupi ndi Falmouth ku Jamaica, ndi chilumba cha Vaadhoo ku Maldives. Koma ndikuchenjezeni, zithunzi zimene mumaona pa Instagram zija zambiri anazikometsa, maso anu sadzaona kuwala koopsa choncho, ndipo foni wamba imangojambula mdima. Ku Maldives zimatengeranso mwayi, lero kuwala mawa zii. Ku Vieques kusambiramo ndi koletsedwa, mumalowa pa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa, ndi wokutsogolerani, chifukwa mafuta odzola ndi mankhwala a udzudzu amapha tizamoyoto. Mwezi ukakhala wathunthu kuwala kwake kumaphimba zonsezi, mungolipira ndalama kukaona madzi akuda.

Usiku wamdima womwewo ndi wa nyenyezi. Ubwino wokhala pafupi ndi ikweta ndi woti mumaona nyenyezi za kumpoto ndi za kummwera zomwe, ndipo pakachilumba kakang'ono kopanda magetsi ambiri Mlalang'amba umaoneka bwinobwino makamaka madzulo a pakati pa June ndi September. Chofunika ndi kuchoka pamene pali mababu a hotelo, foni kuiika m'thumba, ndi kudikira mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere mdima. Mukangoyatsa foni kuti muyankhe WhatsApp basi mwayambiranso pachiyambi. Izi ndi zaulere eti, bambo aja amve.

Mwezi wathunthu nawo uli ndi zake. Kuyenda m'mbali mwa nyanja opanda tochi kumakoma, ndipo ndi nthawi ya maphwando akuluakulu a pagombe monga Full Moon Party ya ku Haad Rin pachilumba cha Koh Phangan ku Thailand. Poti inu za phokoso munasiya, ndikukuuzani kuti mudziwe kopewa, musakabukitse chipinda pafupi ndi gombe lotere masiku amenewo chifukwa simugona mpaka mbandakucha. Chinanso, mwezi ukakhala wathunthu kapena mumdima nyanja imadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. M'malo ambiri imadzaza kawiri patsiku ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye kanjira ka pamchenga kamene munadutsa 5 koloko kakhoza kukhala pansi pa madzi pobwerera. Kummawa kwa Zanzibar, monga ku Paje ndi Jambiani, madzi amathawira kutali zedi kenako nkubwerera. Funsani ku risepushoni nthawi za madzi, amakhala nazo.

Za kulowa kwa dzuwa sindichulutsa, aliyense akuuzani. Kwerani ngalawa kamodzi, kaya ndi dhow (ngalawa yamatanga) kaya boti lanji, ndipo ngati mumafuna kuona dzuwa likumira m'madzi muli pakhonde, onetsetsani kuti hoteloyo ili mbali ya kumadzulo kwa chilumba. Zimaoneka zachibwana koma anthu amabukitsa kummawa kenako nkumadabwa.

Chimene ine chimandisangalatsa kuposa zonse ndi zinyama za usiku. Kukangoyamba kuda mileme ikuluikulu yodya zipatso imanyamuka m'mitengo, ku Seychelles ndi ku Mauritius mumaiona ikudutsa pamwamba, mapiko otambalala zedi. Pamchenga pamatuluka tinkhanu toyera tothamanga ngati mphepo, ana amatha ola lathunthu akuthamangitsana nato. Pazilumba zina monga Chumbe pafupi ndi Zanzibar kuli nkhanu zamphamvu zoswa kokonati, zimafika makilogalamu 4 ndipo zimakwera mitengo, masana simungazione. Ndiye pali akamba am'nyanja. Ambiri amatuluka usiku kudzakumba dzenje pamchenga nkuikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi, pakatha miyezi iwiri tiana timaswa nkuthamangira kunyanja. Tianato timalondola mbali imene kukuwala, ndiye tochi yoyera kapena fulashi ya kamera imatisocheretsa timalowera kumtunda nkukafa, mayi wake nayenso mukamudzidzimutsa amabwerera m'madzi osaikira. Nchifukwa chake oyang'anira amagwiritsa ntchito tochi yofiira. Pitani ndi anthu ovomerezeka, ndipo wina akakuuzani kuti mulipire akugwiritseni kamwana ka kamba kuti mujambulitse, mukaneni. Nyengo yoikira imasiyana chilumba ndi chilumba choncho funsani musanasankhe mwezi wopita. Ngati mumatha kusambira ndipo mtima ndi wolimba, ku Kona pachilumba chachikulu cha Hawaii amayatsa magetsi m'madzi usiku, plankton imasonkhana, ndiye zinsomba zazikulu zamapiko zotchedwa manta zimabwera kudzadya zikudutsa pansi panu penipeni. Siziluma anthu. Amene safuna kunyowa pali kuwedza usiku ndi chingwe chapamanja, ku Maldives mahotelo ambiri amakonza ndipo nsomba yanuyo amakuwotcherani.

Tsiku limodzi kapena awiri tulukani muhotelo mukadye kumene eni chilumba amadya. Ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, paki ya Forodhani imasanduka msika wa zakudya dzuwa likangolowa, pali Zanzibar pizza, supu ya urojo, madzi a nzimbe ofinyira pomwepo. Lamulo langa pamisika yotere ndi loti ndimagula chimene chikuphikidwa ndikuona, pamene pali mzere wa eni dera, osati nsomba zimene zayalidwa patebulo kuyambira kaya liti, ndipo mtengo mufunsiretu musanalume. Nyimbo ndi magule nazo zilipo zoti munthu wosamwa asangalale. Ku Mauritius kuli sega, amawamba ng'oma ya ravanne pamoto isanaimbidwe, ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2014, moutya ya ku Seychelles inalowa mu 2021. Ku Zanzibar kuli taarab, ku Maldives boduberu, ku Bali kuli kecak imene amavina pa kachisi wa Uluwatu dzuwa likulowa, amuna ambirimbiri atakhala mozungulira akuimba ndi pakamwa pokha popanda chida chilichonse. Zowonetsa za muhotelo sindikuzinyoza, ovinawo ndi ntchito yawo ndipo muwapatseko kenakake, koma nthawi zambiri zimakhala zofupikitsidwa kuti zigwirizane ndi nthawi ya chakudya. Mukamva kuti kwinakwake kunja kukuimbidwa, pitani kumeneko.

Dziwaninso malamulo a eni malo chifukwa amasintha usiku wanu. Ku Maldives mowa umapezeka m'mahotelo a pazilumba za alendo zokha, pazilumba zokhala anthu wamba mulibe, inu izi mwina zikukomerani. Ndege zotera pamadzi za kumeneko zimauluka masana okha, ndiye ngati hotelo yanu ndi yopitako pa ndege zoterezi, mukafika ku Malé, likulu la dzikolo, usiku mugona konko. Ku Zanzibar mukamalowa m'tauni valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo m'mwezi wa Ramadan masana kumakhala phee koma madzulo anthu akamasula kumadzaza. Ku Bali kuli tsiku la Nyepi, kawirikawiri mu March, maola 24 osatuluka panja, osayatsa magetsi owonekera kunja, ngakhale bwalo la ndege limatsekedwa.

Tsopano zosakoma. Chisisira chija chimene aliyense amafuna kujambula ndi nthawinso ya udzudzu. Wofalitsa matenda a dengue ndi chikungunya umaluma masana makamaka mmawa ndi dzuwa likamapendeka, wa malungo umayamba kukada mpaka kucha. Maldives ndi Mauritius kulibe malungo koma dengue iliko, ndiye mankhwala odzola okhala ndi DEET kapena picaridin muzidzola cha m'ma 5 koloko osati mutalumidwa kale, ndipo kaonaneni ndi adokotala musananyamuke muwauze chilumba chenicheni chimene mukupita. Kusambira usiku panokha ayi, olo madzi aoneke odekha bwanji, mafunde okokera mkati samaoneka mumdima ndipo opulumutsa anthu amakhala ataweruka. Poyenda m'madzi osaya valani nsapato, muli tinyama taminga tobaya koopsa. Ngati bambo angafune kulawako kamodzi, apewe mowa wotchipa wosadziwika kochokera, ku Indonesia anthu afapo ndi arak, kachasu wa kumeneko, wosakanizidwa ndi poizoni wa methanol. Ndipo mukamapita kukadya kutali pangananitu ndi wa takisi kapena wa boti nthawi yodzakutengani, mutenge nambala yake, chifukwa pazilumba zing'onozing'ono ikangokwana 9 kapena 10 koloko msewu umakhala mulibe galimoto.

Pa sabata yanuyo ine ndikanakonzeratu mausiku atatu okha, wina wa pamadzi, wina wa kumsika ndi nyimbo, wina wa akamba kapena madzi owala kutengera chilumba ndi mwezi, ndipo zolipiriratuzo muziike kumayambiriro kwa sabata kuti mvula kapena mphepo ikasokoneza mukhale ndi tsiku losinthira. Otsalawo asiyeni, kutentha ndi kusambira kumatopetsa kuposa mmene mukuganizira ndipo ambiri 9 koloko amakhala akusinza kale. Mukasankha chilumba ndi masiku ndilembereninso achemwali, tidzaonere limodzi kuti mwezi udzakhala pati.