Mafunso ndi Mayankho: Makapeti Oluka Pamanja

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za makapeti oluka pamanja, monga aja a ku Iran, Turkey, Afghanistan, India ndi Nepal. Ena mwa makalatawo tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndimamva kuti kapeti yoluka pamanja ili ndi mfundo zankhaninkhani. Ine kuluka kumene ndimadziwa n'kupingasitsa ulusi, wina pamwamba wina pansi. Nanga mfundozo zimalowa pati?

YANKHO: Kuluka kumene mukunenako kulipodi, ndipo kumatulutsa kapeti yopyapyala, yosalala mbali zonse, imene ku Turkey amati kilim ndipo ku India amati dhurrie. Koma kapeti ija mumati mukaponda phazi n'kumira ili ndi ulusi wa mitundu itatu.

Choyamba pali zingwe zoimirira. Izi amazikunga pa felemu, kuchokera pa mtanda wam'mwamba kufika pa wam'munsi, ndipo kawirikawiri zimakhala za thonje chifukwa thonje silitamuka ngati ubweya wa nkhosa. Abusa a ziweto oyendayenda felemu yawo amaigoneka pansi n'kuikhomera ndi zikhomo, kuti tsiku losamuka angoizula. Zingwe zikakungidwa, woluka amalowetsa ndodo pakati pake, chingwe china kutsogolo china kumbuyo, kuti pakhale mpata wodutsamo ulusi. Ndodo yachiwiri amaimangirira ndi tizingwe ku zingwe zakumbuyo zija. Akaikoka, zakumbuyo zimabwera kutsogolo ndipo mpata umatembenuka.

Ntchito imayambira m'munsi. Amaluka kaye masentimita 3 mpaka 5 opanda mfundo kuti pakhale poyambira polimba. Kenako amatenga ulusi waubweya wonyika kale mu utoto, kuuzungulitsa pa zingwe ziwiri zoyandikana, kuukokera pansi, n'kuudula ndi kampeni. Nsonga ziwiri zotsalazo ndizo mumapondazo. Mzere wonse ukatha amapititsa ulusi wopingasa kamodzi kapena kawiri, n'kuutsendera ndi chipeso cholemera chachitsulo. Dziwani kuti mfundo ya kapeti payokha siilimba, mukhoza kuisolola ndi zala. Chimene chimaigwira ndi ulusi wopingasawu, ndiye woluka waulesi pa chipeso kapeti yake imathothoka ngakhale mfundo atamanga bwino.

Mamangidwe odziwika kwambiri ndi awiri. Mfundo ya Chiteki, yotchedwanso Ghiordes, imazungulira zingwe zonse ziwiri ndipo nsonga zake zimatulukira pakati pa zingwezo. Mfundo ya Chiperisiya, yotchedwanso Senneh, imazungulira chingwe chimodzi, chinacho n'kungochidutsa kumbuyo, motero imatenga malo ochepa ndipo imalola maluwa ndi mizere yokhota kuoneka bwino. Ku Tibet ndi ku Nepal amachita zina: ulusi saudula mfundo iliyonse, amaukulunga pa zingwe pamodzi ndi kandodo kachitsulo mzere wonse, kenako n'kudula ndi mpeni motsatira kandodoko.

M'mizinda woluka amatsatira chithunzi chojambulidwa pa pepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira mfundo imodzi. Ku Kashmir amalemba zizindikiro zotchedwa talim, zonena mtundu wa ulusi ndi chiwerengero cha mfundo, ndipo wina amawerenga mokweza anzake akumanga. Kumidzi ambiri amaluka za pamtima zimene anaphunzira kwa amayi awo.

Kapeti ikafika pamwamba amalukanso masentimita angapo opanda mfundo, n'kudula zingwe zoimirira zija. Zotsala zake ndizo mphonje. Kenako amaichapa, kuimeta ndi sizasi kuti ubweya ufanane msinkhu, n'kuikunga pansi kuti iume itawongoka.

FUNSO: Kodi kapeti imodzi imatenga nthawi yaitali bwanji? Wina anandiuza kuti mfundo zikachuluka ndiye kuti kapetiyo ndi yapamwamba.

YANKHO: Tiyeni tiwerengere limodzi. Kapeti ya mamita 2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali ili ndi timabokosi 60,000 ta sentimita imodzi mbali zonse. Tinene kuti m'kabokosi kalikonse muli mfundo 5 chopingasa ndi 5 chokwera, ndiye kuti 25. Zonse pamodzi ndi mfundo 1,500,000. Ngati woluka waluso akumanga mfundo 8,000 pa tsiku, afunika masiku 188, osawerengera kukunga zingwe, kunyika ulusi, kuchapa ndi kumeta. N'chifukwa chake pa kapeti yaikulu amakhala anthu atatu kapena anayi pa benchi imodzi, aliyense ndi chigawo chake.

Zoti mfundo zambiri ndiye ubwino n'zoona pang'ono chabe. Kuchuluka kwa mfundo kumangosonyeza kuti chithunzi chingakhale ndi tizinthu ting'onoting'ono bwanji. Kapeti yakale kwambiri ya mfundo imene ilipo pafupifupi yathunthu ndi ya Pazyryk, imene Sergei Rudenko, katswiri wofukula zakale wa ku Russia, anaifukula m'manda oundana ndi chisanu ku mapiri a Altai ku Siberia mu 1949. Inalukidwa zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, ili ndi mfundo pafupifupi 36 pa kabokosi, ndipo imasungidwa ku Hermitage, nyumba yosungira zinthu zakale mumzinda wa St Petersburg ku Russia. Kapeti yotchuka ya Ardabil, yomwe chaka cholembedwapo chikugwera mu 1539 kapena 1540 ndipo ili ku Victoria and Albert Museum ku London, ili ndi mfundo zoposa 50 pa kabokosi. Komano makapeti okhuthala otchedwa gabbeh a kum'mwera kwa Iran ali ndi mfundo zochepa kwambiri, chikhalirecho amapirira kupondedwa zaka zambiri chifukwa ubweya wake ndi wabwino.

Palinso chinyengo china. Woluka wofuna kumaliza msanga amamanga mfundo pa zingwe zinayi m'malo mwa ziwiri, mfundo imene amaitcha jufti. Ntchito imatha mwachangu, ulusi umalowa wochepa, koma ubweya umakhala wapatalipatali ndipo kapeti imayamba dazi msanga. Ife tikamaona kapeti timayamba ndi ubweya ndi kutsendereka kwake, zowerenga mfundo zimabwera pambuyo.

FUNSO: Ndayesa kuluka kakapeti pa felemu yamatabwa. Kanayamba bwino, koma pakati kanachepa m'lifupi, ndipo nditakachotsa m'mbali mukupindika. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Vuto limeneli pafupifupi aliyense wophunzira amakumana nalo, ndipo gwero lake ndi ulusi wopingasa. Ulusiwu suyenda mowongoka, umakwera chingwe ichi n'kutsika pansi pa chinacho, choncho umafunika utali woposa m'lifupi mwa kapeti. Mukaupititsa mowongoka n'kuukoka, chipeso chikautsendera umasowa utali, ndiye umakoka zingwe za m'mbali kulowa mkati. Mzere umodzi simungaone kanthu, koma ikakwana mizere 50 kapeti yalowa kale. Muziulowetsa mopendekeka kapena moupinda ngati uta, muutsine pang'ono m'mphepete kuti pasatsale lende, kenako mutsendere kuyambira mbali imene ulusi walowera. Khalani ndi tepi pafupi ndipo muziyeza m'lifupi mukakwera masentimita 5 alionse. Mukapeza kuti mwataya theka la sentimita, masulani pomwepo. Kapeti imene yalowa kale siibwerera ngakhale muikoke chotani.

Kupindika kwa m'mbali kumachokera pa zinthu ziwiri. China ndi kukulunga m'mphepete mothina kwambiri. Zingwe ziwiri kapena zinayi zomalizira mbali iliyonse sizimangidwa mfundo, zimakulungidwa ndi ulusi, ndipo kukulungako kuyenera kukwera mofanana ndi mizere ya mfundo. Kukatsalira, m'mbali mumafupika kuposa pakati. China ndi zingwe zoimirira zimene sizinakungidwe mofanana. Musanayambe kuluka, yendetsani chikhatho pa zingwe zonse mutatsinzina. Cholenda mudzachimva, chothina kwambiri mudzachimvanso. Konzani nthawi yomweyo, chifukwa pamene pali chingwe cholenda padzatukumuka.

Nayi miyeso yoyambira. Pa kakapeti ka masentimita 40 kwa 60, ikani zingwe 4 pa sentimita iliyonse, zonse 160, za ulusi wathonje wolimba wopota katatu kapena kuposa. Chilichonse chikhale mita imodzi kuti patsale pomangira ndi mphonje. Zingwe 160 zikupatsani mfundo 80 pa mzere, kuchotsapo zochepa za m'mphepete. Mukaika mizere 2 pa sentimita, mizere yonse ndi 120, mfundo pafupifupi 9,600. Mfundo iliyonse ikadya masentimita 5, mufunika ulusi waubweya mamita 480. Konzani wopitirira pamenepo, mamita 550 kapena 600, ndipo mtundu uliwonse muunyike wonse nthawi imodzi. Felemu ikhale ya matabwa okhuthala, poti zingwe 160 zokungidwa zimatha kupinda mtanda wopyapyala, zapakati n'kulenda.

FUNSO: Kapeti yathu ndi yofiira, koma penapake kufiirako kumasintha, kukhala kowalirako, mzere wopingasa kapeti yonse. Kodi anatigulitsa yosuluka?

YANKHO: Ayi, mwina si kusuluka. Dzuwa likasulutsa kapeti, nsonga zokha ndi zimene zimayera. Patulani ubweya ndi zala muone: ngati mtundu uli umodzimodzi kuyambira pa nsonga mpaka pa mfundo, ndipo kumbuyo mzerewo ukuonekanso, ndiye kuti woluka ulusi unamuthera n'kutenga wina wonyikidwa tsiku lina. Amalonda a makapeti amatcha zimenezi abrash, ndipo ambiri amazikonda chifukwa zimachitika kwambiri pamene ulusi wapotedwa ndi kunyikidwa pang'onopang'ono pamanja.

Kuti mumvetse, onani mmene ulusi umakonzedwera. Ubweya wongometa kumene umakhala ndi mafuta ndi litsiro lambiri, moti ukachapidwa ukhoza kupepuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa. Amauviika m'madzi otentha a sopo osautikita, chifukwa ukatikitidwa, kapena ukachoka m'madzi otentha n'kulowa m'ozizira mwadzidzidzi, umagwirana n'kukhala chimbumbu chosapoteka. Ukauma amaupesa, kuupota pa kamtengo kopotera, kenako n'kuphatikiza ulusi uwiri kapena utatu moupotera mbali yosiyana ndi yoyamba ija kuti usamadzipinde. Ulusi wopota pamanja penapake umathina penapake umalekerera, ndipo utoto umalowa mosiyana.

Utoto wambiri wa zomera sugwira ubweya popanda mankhwala otchedwa alamu. Muyeso wake ndi magalamu 10 mpaka 15 pa magalamu 100 a ulusi wouma. Amatenthetsa madzi pang'onopang'ono osafika pobwadamuka, ulusi n'kukhalamo ola limodzi. Kufiira kumachokera ku mizu ya chomera chotchedwa madder, magalamu 50 mpaka 100 pa magalamu 100 a ulusi, ndipo madzi asapitirire madigiri 70 kapena 80, apo ayi kufiira kumasanduka kwa bulauni. Chikasu chimachokera ku makoko a makangaza ndi zomera zina, bulauni ku makoko a mtedza wa walnut. Indigo, yomwe imapereka buluu, siifuna alamu. Ulusi umatuluka mumphika uli wobiriwira mwachikasu, n'kusanduka buluu ukakumana ndi mpweya, ndipo kuti buluu ade amaunyika kangapo. Wobiriwira amaupeza ponyika kawiri, mu buluu ndi mu chikasu. Wakuda ndiye wovuta: amaikamo chitsulo, ndipo chitsulocho chimadya ubweya pakapita zaka. Ndicho chifukwa pa makapeti akale mizere yakuda imakhala yolowa pansi pamene mitundu ina idakali chiimire.

Utoto wa m'fakitale unayamba mu 1856 ndi William Perkin wa ku England, ndipo woyambirirawo unkasuluka msanga. Wamakono wabwino ndi wokhalitsa ndithu, musaunyoze. Choopsa ndi ulusi wosatsukuluzidwa bwino ukachoka mumphika. Nyowetsani kansalu koyera, mukanikize pamalo ofiira kwa mphindi imodzi. Kakatenga mtundu, kapetiyo musaichape nokha.

FUNSO: Ndingadziwe bwanji kuti kapeti ndi ya mfundo zenizeni?

YANKHO: Itembenuzeni. Ya mfundo, chithunzi cha kumaso chimaonekanso kumbuyo, ndipo timfundo timasiyana pang'ono kukula. Pindani kapeti kuti ubweya utseguke, mudzaona mfundo patsinde. Mphonje zake zimatuluka m'thupi la kapeti. Zikakhala zochita kusokerera, kayikirani.

Pali ina imene ogulitsa amati ndi ya pamanja, ndipo sakunama kwenikweni. Munthu amagwira kachida kolowetsa ulusi pa nsalu yokunga, kumbuyo n'kupaka guluu n'kumatapo nsalu ina. Mulibe mfundo ngakhale imodzi, ndipo imatha kupangidwa masiku ochepa. Guluu akauma ndi zaka amayoyoka ngati fumbi pansi pa kapeti, ulusi n'kumasoloka. Mukaona nsalu yomata kumbuyo, ndi imeneyo. Funsaninso za amene analuka. Chizindikiro cha GoodWeave, bungwe limene Kailash Satyarthi anayambitsa ku India mu 1994 ndi dzina loti Rugmark, chimaikidwa pa makapeti ochokera kumalo amene amayenderedwa pofuna kuonetsetsa kuti sagwiritsa ntchito ana.

FUNSO: Ndapeza timabowo pamalo amene kapeti imalowa pansi pa sofa. Ndi makoswe?

YANKHO: Ndi njenjete. Zimene zimadya si zouluka zija koma mphutsi zake, ndipo zimakonda malo amdima amene sapondedwa. Zimadya ubweya n'kusiya thonje, choncho mukaona zingwe zoyera zili mbee pamene panali mfundo, musafunefune kwina. Itulutseni, muikunthe chakumbuyo, muisese mbali zonse motsatira kumene ubweya wagonera, n'kuiyanika maola ochepa kumbuyo kuli padzuwa. Ngati ndi yaing'ono, ikulungeni m'pulasitiki n'kuiika mufiriza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa sabata imodzi, mazira ndi mphutsi zimafa. Malo odyekawo wokonza makapeti akhoza kumangapo mfundo zatsopano malinga ngati zingwe zoimirira sizinaduke. Mukaibwezera, muzisuntha sofa mwezi uliwonse n'kusesa pansi pake, ndipo kamodzi pa chaka muziitembenuza kuti mbali ya kukhoma ibwere kumene anthu amadutsa.