Hard drive yachiwiri m'kompyuta yakale: tsegulani kaye musanagule

Bambo wina wojambula zithunzi za maukwati wandilembera imelo. Ali ndi Dell yakale ya patebulo, disiki yake ya 160 GB yadzaza, ndipo akufunsa ngati angawonjezeremo ina Windows yawo osaifufuta.

Zimatheka bambo, ndipo Windows siikhudzidwa n'komwe. Koma ndalama zanu zikhale kaye m'thumba mpaka mutaona za mkati mwa bokosilo.

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Musanakhudze chilichonse mkatimo, gwirani chitsulo cha bokosilo. Fumbi lokha mulipeza. Ine tsiku lina ndinapezamo banja lonse la mphemvu.

Tsopano yang'anani waya wochoka pa disiki yomwe ilimo kale. Ngati ndi wotambalala ngati lamba, wotuwa, mutu wake wa timabowo 40, imeneyo ndi IDE. Ngati ndi wopyapyala, kukamwa kwake kopindika ngati L, ndi SATA, yomwe inatuluka mu 2003. Ya SATA siivuta: waya wake umodzi kupita pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kompyuta), wina wamagetsi wa mano 15, basi. Ngati power supply yanu (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) yatsala ndi mutu woyera wa mabowo 4, womwe amisiri amati Molex, pali kawaya kosinthira kotchipa.

IDE ndiye ili ndi mwambo wake. Madisiki awiri akakhala pa lamba mmodzi, ina iyenera kukhala Master, inayo Slave. Chosankhira ndi kachipewa kapulasitiki kochepa ngati njere ya mpunga, kotchedwa jumper, kamene kamavekedwa pa timano ta kumbuyo kwa disiki. Chithunzi cha poika kachipewako chimakhala pa chipepala chomata pamwamba pa disikiyo. Mukaziika zonse pa Master, kompyuta imangoti duu, kapena imaona imodzi yokha. Komanso za IDE zinasiya kupangidwa, mupeza zakaunjika zokha, choncho muiyese ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonera thanzi la disiki, wogulitsayo akuona.

Onaninso malo. Mabokosi aang'ono opyapyala aja nthawi zambiri amakhala ndi chipinda cha disiki imodzi. Ngati malo alipo, imangeni ndi masikuluwu. Disiki yolendewera pa mawaya siichedwa kufa, chifukwa mkati mwake muli mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi.

Mukayatsa, dinikizani F2 mulowe mu BIOS, malo osinthira makonzedwe a kompyuta Windows isanatseguke. Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi: ma Dell akale a mtundu wa OptiPlex amatha kukhala ndi malo ena a SATA ozimitsidwa. Pansi pa Drives, pomwe mwalumikiza disikiyo pakhale On. Onetsetsaninso kuti disiki yoyamba kuyatsira kompyuta ikadali yakale ija.

Windows ikatseguka, disiki yatsopano simuiona pa My Computer. Musabweze kusitolo, siinafe. Dinikizani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc. Pa Windows zobwera pambuyo pa XP ifunsa MBR kapena GPT, njira ziwiri zokonzera magawo a disiki. MBR imathera pa 2 TB, koma ngati mukadali pa XP ya 32-bit mugwiritsa ntchito MBR yomweyo, popeza XP imeneyo GPT saiwerenga. Kenako pa malo akuda olembedwa Unallocated pangani volume (gawo losungiramo zinthu) yatsopano, ipatseni chilembo, muifomate NTFS. Werengani kukula kwa disiki kawiri musanavomereze, kuopa kufomata yolakwika.

Chimodzi chomwe simunafunse, bambo. Madisiki onsewa akudya mbale imodzi, power supply yomweyo. Magetsi akabwera ndi ukali atazima, kapena mphezi ikagwa nthawi ya dzinja, amatha kupsa limodzi. Zithunzi za ukwati zomwe eni ake sanatenge muzizikopera pa external, disiki yolumikizira kunja kwa kompyuta, ndipo mukamaliza muziizula n'kuiika m'kabati.