Mwati zonse zakukwanani, achimwene: nayi yankho langa

Imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wachinyamata wa ku Area 25. Ndaidula pang'ono. Akuti: "Ndinamaliza koleji koma ntchito ndilibe, ndimangokhala pakabenchi kutumizira anthu ndalama pafoni. Kale ndinkatsatira nkhani, zionetsero ndinkayenda nawo. Lero wailesi ikayamba zandale ndimatseka. A buloko lida akaitanitsa msonkhano sindipita. Paipi ikaphulika pamsewu ndimangolumpha madziwo n'kumapita. Akazi anga akuti ndasanduka chitsa. Kodi ndalakwa? Ndipo mphwayi za munthu mmodzi ngati ine zikuwononga chiyani?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso limene simunafunse. Kodi chidwi chakutherani pa zaboma ndi zam'dera zokha, kapena pa chilichonse? Ngati mpira wa Silver Strikers ukukusangalatsanibe, nsima mukudya bwino, mwana akakuseketsani mukuseka, ndiye pitirizani kuwerenga. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo chilichonse chakhala chosakoma, tulo sakubwera, kudzuka m'mawa ndi nkhondo, mwina mpaka maganizo oti bola kufa, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo ndipo amachizika. Pitani kuchipatala mukafotokoze momwe mwandilembera ine. Kuno ku Lilongwe a Saint John of God amathandiza anthu otere. Amuna ambiri timabisa zimenezi mpaka zitafika poipa, ndiye musachite manyazi.

Tsopano ku funso lanu. Ine sindikuona ulesi m'kalata yanuyi. Waulesi sayenda zionetsero padzuwa. Chimene ndikuona ndi munthu amene anayesa, osaona phindu, mtima n'kuphunzira kuti kuyesa n'kutaya nthawi. Mu 1967 katswiri wa zamaganizo wa ku America, Martin Seligman, ndi anzake anayesa zimenezi pa agalu. Ena ankawagwiritsa shoko yamagetsi imene akanatha kuizimitsa okha, ena ankawagwiritsa shoko yoti kaya achite chiyani sinkaleka. Kenaka onse anawaika m'bokosi momwe kuthawa kunali kongodumpha kampanda kakafupi. Agalu oyamba aja anadumpha. Ambiri mwa achiwiriwo anangogona pansi n'kumalira, njira ili poyera. (Sindikukuyesani galu, pepani, nkhani yake ndi imeneyo basi.) Chimene chimandigwira mtima ndi momwe anawachiritsira. Kuwanyengerera ndi kuwaitana sikunathandize. Anachita kuwakoka ndi manja kuwaolotsa kampandako kangapo, mpaka anaona okha kuti kusuntha kumathetsa ululu.

N'chifukwa chake mawu a akazi anu, ngakhale ali oona, sakukusunthani. Ulaliki wanganso pano sukusunthani. Chimene chingakudzutseni ndi kuchita kanthu n'kuona zotsatira zake ndi maso anu.

Mwafunsa kuti mphwayi za munthu mmodzi zikuwononga chiyani. Zikanakhala zanu zokha bwenzi ndikuti palibe. Vuto ndi loti pamzere wa nyumba zanu aliyense akulumpha madzi omwewo akuganiza kuti wina waimba kale foni. Madzi otayika amenewo sapita mwaulere, mtengo wake umabwerera kwa tonse olipira mabilu. Zinyalala zimene timaziona zikutayidwa mu Lingadzi ndi mumtsinje wa Lilongwe n'kungoti "zaeni" zimatipeza nthawi yamvula. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Sindikunena kuti anthu wamba ndiwo anali olakwa okha, ayi, akuluakulu oyenera kutipatsa madzi abwino ali ndi gawo lalikulu. Koma wamkulu amene palibe womufunsa amagona tulo tabwino.

Taonani mbiri yathu ya zisankho. Mu 1999 anthu pafupifupi 94 pa 100 aliwonse olembetsa anakaponya voti posankha pulezidenti ndi aphungu. Chaka chotsatira, mu 2000, pachisankho cha makhansala, anapita ndi anthu 14 okha pa 100 aliwonse. Andale anaona kuti nkhani ya makhansala ilibe mwini. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014, zaka zisanu ndi zinayi, ndipo panalibe mkwiyo woti n'kugwedeza boma. Khansala ndi amene amayenera kulondola za ngalande, msika, zinyalala ndi misewu ya m'makwalala mwathu. Ife maso athu onse ali ku State House, pomwe matope amene timaponda tsiku ndi tsiku ali m'manja mwa munthu amene ambiri sitidziwa ngakhale dzina lake.

Kusolola kwa ndalama ku Capital Hill kuja, kumene tinakutcha Cashgate, kunaululika mu September 2013 a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, atawomberedwa pakhomo pawo ku Area 43. Ndalama mabiliyoni zinkatuluka pa ntchito zoti sizinagwiridwe n'komwe. Ine ndimakhulupirira kuti panali anthu ambiri amene ankaona kalaliki wa malipiro ochepa akumanga nyumba yosanja, n'kumangoti mnzathu wadalitsika. Wakuba safuna kuti mumukonde. Akufuna mutope, mutseke wailesi, monga mwachitira inumu.

Mwina muti, nanga si ndinayenda zionetsero, chinasintha n'chiyani? Apa ndikutsutsani pang'ono. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, atakhala konkuno ku Lilongwe, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo pa 23 June tinavotanso. Zimenezo n'zosowa mu Africa muno. Zinatheka chifukwa panali anthu amene anasunga mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex aja n'kukawaonetsa kukhoti, ndi ena ngati inu amene sanalole kuti nkhaniyo izizire. Kuti moyo sunapepuke pambuyo pake, mafuta n'kumasowa, chimanga n'kumakwera, ndi zoona, ndipo ndikuganiza kuti mphwayi zanu zinabadwira pamenepo. Munayembekezera kuti kusintha munthu mmodzi pamwamba kukupatsani ntchito. Chiyembekezo chachikulu choncho chikagwa chimagwetsa ndi tating'ono tomwe.

Ndiye musayambirenso pamwamba. Siyani kaye za dziko lonse, wailesi ikhale yotseka ngati ikukupwetekani mutu. Sankhani chinthu chimodzi chapafupi chimene mapeto ake mungawaone mwezi usanathe. Paipi ija ndi poyambira pabwino. Ijambuleni pafoni, imbirani a zamadzi, lembani tsiku ndi dzina la amene wakuyankhani, ndipo pakatha masiku atatu imbaninso. Uzani anansi awiri aimbenso, chifukwa dandaulo la munthu mmodzi limaiwalika msanga kusiyana ndi la anthu atatu. Anthu a ku Area 18 atamwa madzi osakanikirana ndi zam'suweji mu 2017 anagwirizana n'kupita kukhoti, ndipo khoti linawakomera. Zinatenga zaka, koma aliyense akanangodandaulira m'nyumba mwake bwenzi nkhaniyo itathera pomwepo.

Kenaka dziwani dzina la khansala wanu ndi nambala yake ya foni. Funsani kuti ndalama za chitukuko cha m'dera, za CDF zija, chaka chino zagwira ntchito yanji kwanuko. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, choncho mukalemba kalata yofunsa simukupempha chifundo. Akakuzembani, mwadziwa kanthu kena za iwo koti mudzakumbukire podzavota.

Za msonkhano wa a buloko lida, pitani ulendo umodzi wokha, mukhale kumbuyo, mumvetsere. Mutenge akazi anu mupitire limodzi, popeza ndi amene anayamba kuona kuti china chake chavuta. Mukabwerako mundilembere zimene zinakambidwa komanso ngati paipi ija yakonzedwa.