Yankho kwa achemwali a ku Chirunga pa za nkhokwe za DNA methylation

Achemwali, mwalemba kuti muli chaka chomaliza ku Chirunga, mukufuna kuchita projekiti ya DNA methylation pa khansa, koma ndalama zoyezera masampulo anuanu mulibe, ndiye mukufunsa ngati pali ma database aulere oti munthu n'kugwiritsa ntchito ali konkuno ku Zomba. Alipo ndithu, ambirinso. Ine ndinadutsamo m'njira imeneyi ndi laputopu yakale ndi bandulo yogula pang'onopang'ono, ndiye ndikuuzani mmene ndinayendera. Koma chonde, musathamangire ku database musanamange funso. Jini imodzi kapena ziwiri, khansa imodzi, basi. Mukalowa m'nkhokwe zimenezi opanda funso mutha mwezi wathunthu mukungotsegula zithunzi zokongola, polemba palibe.

Ndifotokoze kaye pang'ono chifukwa cha anzathu m'gulu muno amene sanachite biology. Selo la pakhungu ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana, koma ntchito zawo n'zosiyana chifukwa majini ena ndi otsegula, ena otseka. Njira imodzi yotsekera ndi kakang'ono kotchedwa methyl, kamene kamamatidwa pa chilembo C pamene chatsatana ndi G. Kumamatidwa kumeneku ndiye methylation. Malo oterowo amatchedwa CpG, ndipo m'DNA ya munthu alipo pafupifupi 28 miliyoni. Ganizirani mdadada wa nyumba za lendi ku Chikanda: zipinda zonse zilipo, katundu ali m'kati, palibe chagumulidwa, koma pa zitseko zina papachikidwa loko. Khomo la jini ndi limene timati promoter. Pakachuluka methyl pamenepo, kawirikawiri jiniyo imakhala chete ngakhale zilembo zake sizinasinthe. Pa khansa maloko amasokonekera. Mu 1983 Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein anaonetsa kuti DNA ya chotupa imataya methylation m'malo ambiri, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti nthawi yomweyo maloko amaunjikana pa makomo a majini otiteteza, monga CDKN2A, BRCA1 ndi MLH1. Si zongowerenga m'kalasi ayi: wodwala khansa ya mu ubongo ya glioblastoma amene jini yake ya MGMT ili yotsekedwa chonchi amathandizika bwinoko ndi mankhwala a temozolomide, ndipo madokotala kumene kuli zida amayeza zimenezi.

Nkhokwe yaikulu ndi TCGA (The Cancer Genome Atlas) ya ku America, imene inayamba mu 2006 n'kusonkhanitsa mitundu 33 ya khansa kuchokera kwa odwala oposa 11,000. Ubwino wake pa funso lanu ndi uwu: chotupa chimodzi chomwecho anachiyeza methylation, anachiyezanso RNA (uthenga umene jini yotseguka imatulutsa), analembanso zaka za wodwala, siteji ya matenda ndi nthawi imene anakhala ndi moyo. Ndiye mukhoza kuona ngati loko atapachikidwa jini inakhaladi chete. Masampulo ambiri anayezedwa ndi chipangizo cha Illumina chotchedwa 450K, chimene chimaona malo oposa 480,000. Malo alionse ali ndi dzina loyamba ndi cg, ndi nambala yotchedwa beta value, yoyambira pa 0 kufika pa 1. Ikayandikira 0 ndiye kuti methyl palibe, ikayandikira 1 padzaza.

Zonsezi zimasungidwa pa GDC Data Portal, koma musayambe ndi kudawuniloda. Fayilo ya khansa imodzi yokha ikhoza kukuthera bandulo ya sabata, laputopu n'kuuma potsegula. Pitani pa webusayiti ya UCSC Xena, sankhani khansa yanu, mwachitsanzo CESC imene ndi ya khomo la chiberekero, ikani mzere wa gene expression (kuchuluka kwa RNA) wa jini yanu, pambali pake mzere wa methylation wa jini yomweyo. Muona odwala mazana atatu atandandalikidwa pamaso panu, ndipo mukhoza kutenga mizere iwiri yokhayo m'kafayilo kakang'ono kotseguka mu Excel. MEXPRESS, yopangidwa ku Ghent, ndimaikonda chifukwa imaonetsa cg iliyonse pamalo ake m'mbali mwa jini, n'kukuuzani kuti ndi iti imene ikuyenderana ndi kutsika kwa RNA. UALCAN imafananitsa msanga chotupa ndi mnofu wabwino, MethSurv imayang'ana za kutalika kwa moyo, cBioPortal imakuonetsaninso ngati jiniyo ili ndi mutation, kutanthauza kusintha kwa zilembo zake. Zonsezi zikutunga pa chitsime chimodzi cha TCGA, ndiye zikagwirizana musalembe kuti nkhokwe zisanu zatsimikiza. Ndi odwala omwewo. Mudzakumananso ndi mayina akale monga MethyCancer ndi PubMeth a m'ma 2008. Yang'anani tsiku limene anawonjezeramo zinthu komaliza musanadalire.

Ngati mutenge khansa ya khomo la chiberekero, dziwiranitu kuti mu CESC masampulo a mnofu wabwinobwino alimo atatu okha. Atatu. Chithunzi chofananitsa mazana atatu ndi atatu chimatuluka bwinobwino pa sikirini, koma sichingapirire funso la woyesa wodziwa ntchito. Pamenepa mpamene nkhokwe ina yotchedwa GEO, ya bungwe la NCBI ku America, imathandiza. Kumeneko ofufuza a m'maiko osiyanasiyana amasiyako deta yawo, iliyonse ndi nambala yoyamba ndi GSE. Posaka onjezerani GPL13534, imene ndi nambala ya 450K, kapena GPL21145 ya chipangizo chatsopanoko cha EPIC. Mupezako ndi masampulo a amayi amene ali ndi zizindikiro zoyambirira matenda asanasanduke khansa, zimene TCGA ilibe. Pa mbali ya gene regulation, kutanthauza mmene majini amatsegukira ndi kutsekekera, nkhokwe za ENCODE ndi Roadmap Epigenomics, zimene mungazione pa UCSC Genome Browser, zikuuzani ngati cg yanu yakhala pa promoter, pa enhancer (chigawo cha DNA cholimbikitsa jini kugwira ntchito), kapena pamene pamatera transcription factor (puloteni yotsegula kapena kutseka jini). Izi n'zofunika chifukwa methylation ya m'kati mwa thupi la jini nthawi zambiri imayenda ndi jini yotseguka, osati yotseka. Musamaphatikize ma cg onse a jini n'kutenga avareji.

Panali pena pamene ine ndinagwa, ndipo sindifuna mugwenso. Ndinatenga manambala a malo kuchokera pa fayilo ya 450K, imene inalembedwa potsatira mapu akale a DNA ya munthu otchedwa hg19, n'kukawaika pa mapu atsopanoko a hg38. Palibe chinandichenjeza. Ma cg anga anagwera kunja kwa promoter, ine n'kumalemba ndime zofotokoza chinthu chimene kulibe. Ndinazindikira patatha masabata awiri, usiku ndili ku Matawale, nditaona hg38 atalembedwa ting'onoting'ono pakona ya sikirini. Kuyambira pamenepo, fayilo iliyonse ndimalemba m'kope kumene ndaitenga, tsiku, ndi mapu ake. Kumbukiraninso kuti chotupa si maselo a khansa okhaokha, muli ndi maselo a chitetezo ndi ena, ndiye beta value ya 0.4 ikhoza kungotanthauza kusakanikirana kumeneko. Ndipo methylation ikakwera RNA n'kutsika, lembani kuti zikuyenderana, osati kuti china chayambitsa chinzake.

Tsopano chimene chimandikhala kwambiri pamtima. Odwala a mu TCGA ambiri ndi azungu, ndipo mitundu ya khansa imene inasankhidwa si imene imadzaza m'mawodi athu. Kaposi sarcoma mulibemo. Khansa ya kummero ilimo, koma odwala ake sakwana 200, ndipo pafupifupi theka ndi a mtundu wotchedwa adenocarcinoma, pamene kuno imene imatha anthu ndi ya mtundu wina wotchedwa squamous, ndiye muzisiyanitse musanawerengere. Malawi ali m'gulu la maiko otsogola padziko lonse pa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo amayi athu ambiri amaidwala ali ndi HIV. Pa GDC pomwepo fufuzani pulojekiti ya CGCI-HTMCP-CC, ya amayi a ku Uganda, ena a HIV ena ayi. Zotsatira za zotupa 118 zinasindikizidwa mu Nature Genetics mu 2020. Kufananitsa jini imodzi pakati pa amayi amenewa ndi a mu CESC ndi projekiti yokwanira digiri, ndipo ili ndi tanthauzo kwa ife. Pochita zimenezi chotsani ma cg amene akhala pamwamba pa SNP (malo amene chilembo cha DNA chimasiyana pakati pa anthu), chifukwa DNA ya anthu a mu Africa imasiyanasiyana kuposa ya anthu ena onse, ndipo chipangizo chikhoza kuwerenga kusiyana kwa chilembo ngati kusiyana kwa methylation.

Azakhali anga anapita ndi khansa imeneyi. Anaipeza itafika kale patali, ndipo ndimakumbukira akundiuza ali pamphasa pakhonde kuti ankaganiza ndi msambo wongobwerera. Amayi ambiri opezeka ndi HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi, sadzadwala khansa, ndiye funso lalikulu kuchipatala ndi lakuti ndani athandizidwe msanga. Ku Netherlands anapanga kale njira yoyezera methylation ya majini a FAM19A4 ndi miR124-2 kuti ithandize kusankha kumeneko. Mutasankha imodzi mwa ziwirizi, kapena jini ya CADM1 kapena PAX1, muli pa funso lenileni.

Deta ya methylation ndi RNA imene ndatchulayi ndi yotseguka, safunsa chilolezo cha dbGaP, kumene munthu amapempha kuona deta yotetezedwa, komabe funsani a supavaiza anu ngati pakufunika kalata ya UNIMAREC, komiti ya yunivesite yovomereza kafukufuku. Mukadzafuna kupitirira Excel, phunzirani pulogalamu yowerengera deta ya R ndi mapaketi a TCGAbiolinks ndi limma, ndipo zolemerazo muzikokera pa Wi-Fi ya pasukulu magetsi alipo. Ndilembereni ku inbox zinthu zitatu: khansa imene mwasankha, jini, ndi RAM ya laputopu yanu. Loweruka masana ndimakhala mtauni, tikhoza kukhala pansi n'kutsegula Xena limodzi.